Chimfine cha m'Chigafa

Ana inu, khalani pansi. Iwe Limbani, ika foniyo m'thumba, sithawa. Ndakumva m'mawa muja ukuuza mlongo wako kuti kamwana ka pa nyumba yoyandikana nafeyi kakungodwala chimfine cha fodya basi, chidzatha chokha mabelo akapita ku okushoni. Mawu amenewo ndinayamba kuwamva tsitsi langa lidakali lakuda bii, ndipo mpaka lero ndikawamva ndimapsa mtima ngati zachitika dzulo.

Ndikuuzani za khutu la amayi anu, Esinati, momwe linayambira. Iwo sangakuuzeni, anali kamwana kongoyamba kumene kuyenda. Agogo anu aakazi, Nambewe, anatisiya. Watsala ndine, ndipo mukundidziwa, sindiiwala.

Ine kwathu ndi ku Santhe. Kuno ku Wimbe ndinabwera chikamwini. Masiku ano mnyamata akakwatira amangonyamula mkazi n'kukachita lendi ku boma, apongozi n'kumawaona pa Khirisimasi. Nthawi yathu mwamuna ankasamukira kumudzi kwa mkazi, kulima munda wa kuchikazi, kumanga nyumba pa malo a kuchikazi. Mwana wobereka ndiwe, inde, koma mwini wake anali mlongo wa mkazi wako, atsibweni ake a mwanayo. Kwa ife mwini mbumba anali a Yolamu, alongo ake a Nambewe, alamu anga.

A Yolamu simunawapeze. Anali munthu wamtali, wanthabwala, ndipo fodya ankamudziwa, pamenepo sindinganame. Akagwira tsamba n'kulinunkhiza ankakuuza ngati lidzagulidwe bwino kapena lidzabwezedwe. Koma pepala kwa iwo linali ndi ntchito imodzi yokha, kupichirira chingambwe. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde panga akusuta mosangalala, ndikayang'anitsitsa ndikuona zilembo zikupsa.

"Alamu, ndi lisiti langa la feteleza limenelo!"

"Feteleza si munathira kale, alamu? Nanga pepalali likudikira chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinagula sutikesi ya loko, yomwe mumaiseka ija. Sekani. Munthu wosasunga pepala amauzidwa chilichonse n'kuvomera.

Tsono mumvetse momwe tinkagwirira ntchito. Fodya wathu, wa mtundu wa bale, akauma m'chigafa, masana sagwirika. Ukangomukhudza amaphwanyika ngati chigoba cha dzira. Amafuna mame kuti afewe. Ndiye kusankha, kupatula masamba abwino ndi oipa, aatali ndi aafupi, kunkachitika m'mawa kwambiri, dzuwa lisanaumitse mame. Ndipo nthawi yosankha fodya ndi nthawi yachisanu, Meyi ndi Juni, pamene mphepo ya kuno imadutsa m'chigafa chopanda zipupa ngati mwini wake. Amayi ankabwera ndi ana kumsana, nanga akanawasiya ndi yani? Aliyense anali m'chigafa, agogo, atsikana, anyamata. Ukagwedeza fodya fumbi limatuluka lopyapyala, loyabwa kummero. Amuna akusuta pomwepo. Pakona pali moto wa zitsononkho wootha manja, tikuotcherapo mbatata, ndipo mbatata imeneyo ndi thobwa ndiye chinali chakudya cham'mawa. Iwe Tiyamike, amene sudzuka popanda buledi ndi majarini, ukanalira. Fodya wosankhasankha sitinkamusiya panja, tinkamulowetsa m'nyumba kuopa akuba. Mwana agona apa, mulu wa fodya uli apa.

Choncho ana onse a m'mudzi nyengo imeneyo ankayenda mamina ali chuchuchu, akuyetsemula, akutsokomola. Palibe ankadabwa. Tinkati ndi chimfine cha fodya, ngati mmene manja amadera ndi utomoni pothyola. Chinali mbali ya ntchito.

Chaka chimenecho Esinati anatenga chimfine monga anzake. Mamina anayamba oyera ngati madzi, kenako anakhuthala n'kusanduka achikasu. Patapita masiku angapo mwana anasintha. Ine ndimayang'anitsitsa zinthu, ndiye ndinaona. Akamupatsa bere ankayamwa pang'ono n'kulisiya n'kulira, koma njala ali nayo. Kadzanja kake kankangopita ku khutu lakumanzere, kulikoka, kulipinda. Ali kumsana ankapukusa mutu pa nsalu ya amake. Thupi linatentha. Ukamugoneka pamphasa kulira kunkakula, ukamunyamula choimirira kunkachepako.

M'mawa wina tili m'chigafa analira mpaka mawu kusasa. Ndinasiya fodya amene ndinali naye m'manja.

"Nambewe, mwanayu tipite naye kuchipatala. Si chimfine chokha ichi."

A Yolamu anayankha Nambewe asanatsegule pakamwa.

"Chipatala cha chiyani, alamu? M'khutu mwalowa mphepo basi. Bwera naye kuno, mlongo wanga."

Anapichira chingambwe, kuyatsa ndi chitsononkho cha pamoto paja, kukoka utsi wambiri mpaka masaya kutupa. Anamugoneka mwana pamwendo, khutu m'mwamba, n'kukunga dzanja lawo ngati kachitoliro pakhutupo, n'kuuzira utsi pang'onopang'ono. Anatero kangapo. Ndipo ana inu, mwana analekadi kulira. Kaya ndi kufunda kwa utsiwo, kaya kudabwa, anangoti phee, maso ali pa atsibweni ake. Amayi onse m'chigafa anati, "Eee, mwaona!"

"Mwaona, alamu?" anatero a Yolamu akuseka. "Fodyayu amatigulira malata, amatiphunzitsira ana, ndiye alephere kakhutu kokha? Inu kadindeni mabelo, jeke yodindira ikukudikirani. Za mbumba tisiyireni eni ake."

Anthu anaseka. Ine ndinayamba kuyankha, koma Nambewe anandikoka malaya n'kunong'ona, "Bambo a Esinati, chonde, musakangane ndi achimwene pamaso pa anthu."

Ndinene chilungamo, chifukwa ine bodza ndimadana nalo ngakhale lokomera ine. A Yolamu ankamukonda Esinati. Anali mwana wamkazi woyamba wa mlongo wawo, ndipo kwa ife mwana wamkazi ndiye mudzi wamawa. Utsi umenewo nawonso anauziridwa ali mwana, ndi atsibweni awo, ndipo anachira. Sankachita mwankhanza. Ankachita zimene ankadziwa, koma ankazichita ngati palibenso china choti munthu n'kudziwa, ndipo chimenecho ndi chimene chimandipweteka.

Tsiku lotsatira lole inabwera kudzanyamula mabelo a kalabu yathu ya alimi. Woperekeza fodya ku Lilongwe ndinali ine, chifukwa ndine ndinkatha kuwerenga mapepala a ku okushoni osanamizidwa. Unali fodya wa mudzi wonse, thukuta la chaka chathunthu, sindikanakana. Ndinamuuza Nambewe kuti thupi likapitiriza kutentha apite naye kuchipatala, ndipo anavomera ndi mutu. Ndinakwera pamwamba pa mabelo nditafunda thumba, fumbi la msewu lili m'mano. Kumeneko tinakhalitsa, malole ali pamzere wautali, tikugona pansi pa lole, tikudya chimanga chokazinga. Inu lero mukanangoimba foni kufunsa kuti mwana wadzuka bwanji. Ife tinalibe chilichonse. Ukachoka pamudzi unkachoka ndithu.

Pobwera ndinagulako sopo, shuga ndi kadiresi kofiira ka Esinati. Woyamba kukumana naye panjira anali a Yolamu, nkhope ili mwee.

"Alamu, takulandirani! Mwana wanu uja anachira. Chinaphulika chokha, zoipa zonse zinatuluka. Mukanaononga matayala a njinga pachabe."

Kunyumba Nambewe anandifotokozera. Nditangochoka mwana analira kwambiri, utsi sunathandizenso. Kenako m'mawa wina anapeza nsalu yomwe anagonera ili ndi mafinya osakanikirana ndi timagazi, mwana ali chete, akuyamwa bwinobwino, thupi litazizira. Amayi a m'mudzi anabwera kudzaona, onse anati matenda atuluka, tiyamike Mulungu. Ndani akanapita kuchipatala ndi mwana woti akuseka?

Ndinamunyamula kuti ndimuveke kadiresi kaja. Fungo ndi limene linandiuza. Mafinya anali akutulukabe, ena ataumira pakhosi, ntchentche zikumutsata. Ndinafunsa kuti akumuchita chiyani. Anati akumupukuta m'kati ndi nthenga ya nkhuku, akumudonthezera madzi a masamba ena ake ndi timafuta tophikira, ndipo pomusambitsa akuthiramo madzi kuti mutsukike. Chimfine chinali chitabwereranso, popeza m'mawa uliwonse anali m'chigafa muja. Ndipo ndili chimunyamulire ndinaona kadzanja kake kakukwera, koma ulendo uno kupita ku khutu lakumanja.

Pamenepo ndinadziwa kuti khutu limodzi laonongeka kale, ndipo lachiwiri layamba ulendo womwewo.

M'mawa mwake ndinapopa njinga, Nambewe n'kubereka mwana kumsana. Sindinapite kukagwada kwa mwini mbumba monga mwambo unkafunira. A Yolamu anationa ali m'chigafa, anatuluka ndi fodya m'manja.

"Mukupita naye kuti mwana wa eni ake?"

"Kuchipatala."

"Mwapempha ndani?"

"Ndidzapempha pobwera, alamu."

"Inu munabwera pano ndi kachikwama ndi khasu lobwereka. Lero mwayamba kulamula mbumba yanga? Nambewe, tsitsa mwanayo."

Anthu onse anasiya kusankha. Nambewe anali asanawayankhepo alongo ake chibadwire. Anaima pakati pathu, mwana ali kumsana, akuyang'ana pansi. Kenako anamasula nsalu, ine n'kuti basi watsitsa. Koma anangoimanga bwino, kuikokera pachifuwa mwamphamvu, n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, mbumba ndi yanu. Koma fungoli ndikugona nalo ndine." Anakhala pa kaliyala. Ndinapalasa osacheuka.

Njira yake inu simungaidziwe, mwazolowera kukwera njinga zamoto za kabaza, kukafika mafuta odzola asanaume kumaso. Ife tinadutsa mumchenga momwe njinga inkakana, Nambewe n'kutsika, ine n'kumakankha. Tinkapatukira ngolo zonyamula mabelo. Mphepo inali kutiwomba kumaso, minda ili mbee, mapesi a fodya okhaokha ataima. Pamene tinkafika pa chipatala chaching'ono cha dera lathu, dzuwa linali litakwera, mzere uli kale mpaka pansi pa mtengo.

Amene anationa anali bambo wina wa zachipatala, wochokera chakumpoto, Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka. Anatenga kachipangizo kokhala ndi tochi n'kusuzumira khutu lakumanzere, kenako lakumanja. Anapukusa mutu.

"Adada, mwachedwa naye. Lakumanzereli labooka kale, ndipo m'kati mwalowa zambiri. Mwina silidzamvanso monga kale. Lakumanjali lafiira, latupa, koma silinaphulike. Tiyeni tilimbane nalo limeneli."

Mukundidziwa, ine sindichoka pamalo ndisanamvetse. Ndinati, "Pepani adokotala, chimfine chili m'mphuno. M'khutu chafikamo bwanji?"

Anandiyang'ana, anayang'ana mzere panja, n'kuseka pang'ono. "Tsinani mphuno yanu, adada. Tsekani pakamwa. Tsopano mezani malovu."

Ndinachita. Ndinamva m'makutu monse muwiri kuti thu. Yesani nanunso, ndikudikirani. Iwe Limbani, meza, usaseke. Mwamva? Chimenecho ndicho chimene anandionetsa, kuti mphuno ndi khutu zili ndi njira yake m'kati.

Anafotokoza chonchi, ndipo ndinasunga mawu ake onse. Khutu limene timaliona panjali ndi khomo chabe. Ukalowa m'kati umakafika pa kachikopa kopyapyala kotchinga njira, kokungika ngati ka ng'oma. Mawu akakagunda kamanjenjemera, ndiye timamva. Kuseri kwa kachikopako kuli kachipinda kakang'ono kokhala ndi mpweya. Kachipinda kameneko kali ndi kanjira kamodzi kokha, kotsikira kuseri kwa mphuno, kumtunda kwa mmero. Kanjirako ndi kamene kamalowetsa mpweya ndi kutulutsa timadzi tikapezeka m'menemo. Mwa munthu wamkulu n'kotalikirapo ndipo n'kotsetsereka, madzi amatsika okha. Mwa mwana wamng'ono n'kakafupi, kopapatiza, ndiponso kogona chopingasa.

Ndiye chimfine chikabwera, m'mphuno mumatupa, kanjira kajanso kamatupa n'kutsekeka. Fumbi ndi utsi zimene mwana akupuma zimaonjezera kutupako. Timadzi timayamba kudzaza kachipinda kaja, kotulukira kulibe. Tizilombo ta m'mphuno ndi kummero, popeza njira ndi yaifupi, timakwera n'kukaswana m'madzimo, madzi n'kusanduka mafinya. Mafinya akachuluka amakankha kachikopa kaja kuchokera m'kati, ndiwo ululu umene mwana amalira nawo. Poyamwa ndi pomeza zimakoka kanjira kotupa kaja, n'chifukwa chake amasiya bere. Pogona mafinya amakankha kwambiri, n'chifukwa chake amafuna kunyamulidwa. Zikapitirira, kachikopa kamang'ambika, mafinya n'kupeza potulukira, ululu n'kutha.

"Ndiye anthu amati wachira," anatero dokotala uja. "Ululu ndi umene watha, adada. Pakhala chiboo. Chiboocho nthawi zambiri chimatsekeka chokha ngati mwana walandira mankhwala ndipo khutu likukhala louma. Koma mukalowetsamo nthenga, mafuta, madzi osamba, mukutumiza zonyansa kudzera pa chiboo chomwecho mpaka m'kati."

Ine ndinamva msanga chifukwa ndinakumbukira nazale yathu ya fodya kudambo. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala, madzi amaima pa bedi, amachita ndere, amanunkha, mbande n'kuola. Ukaona madzi agumula bedi n'kusefukira, sunena kuti nazale yachira.

Ndinafunsanso za utsi. Nambewe anandiponda phazi, koma ndinafunsa.

"Utsi wouzira kunjawo sufika kumene kuli matenda, kachikopa kamatchinga," anatero. "Umangofunditsa. Koma utsi womwewo mwana akuupumanso ndi mphuno, ndipo umenewo ndiye umafika, n'kukatupitsa kanjira kaja. Ana ena amachira okha, n'zoona, ndiye wouzira utsi amati ndachiza ndine. Koma mwana wamng'ono chonchi, thupi likatentha n'kumakoka khutu, bwerani naye tione. Musadikire kuti liphulike."

Anatipatsa mankhwala akumwa, n'kutiuza kuti amalize onse ngakhale aoneke ngati wachira. Anamuonetsa Nambewe kupota kansalu koyera, kukalowetsa pang'ono pakhomo pa khutu kuti kamwe mafinya, kutaya, kutenga kena. Madzi asalowe. China chilichonse chisalowe. Ndipo mwana asapitenso m'chigafa.

Kumudzi tinapeza mlandu ukutidikira. Ankhoswe anakhala pansi, anati mkamwini wanyoza mwini mbumba pamaso pa anthu. Za khutu palibe anafunsa. Anandilipitsa nkhuku. Ndinapereka nkhuku yanga yoyera, yoikira mazira bwino kuposa zonse, ndipo mpaka lero ndimati mlandu umenewo unaweruzidwa mokhota. Nambewe analeka kupita m'chigafa, fodya wotsala tinamutulutsa m'nyumba n'kumuika m'khitchini, ine n'kumagona komweko kulondera. Kusankha kwathu kunachedwa, anthu ankatiseka kuti mwana wa mkamwini wa ku Santhe ndi dzira, sagundidwa ndi mphepo. A Yolamu sanandilankhule mpaka mvula yoyamba. Kenako tinayambanso kupatsana moni, kubwerekana ngolo, kuseka pamaliro ndi paukwati. Koma za khutu sitinatchulepo, iwo kapena ine.

Khutu lakumanja linapola, silinaphulike. Lakumanzere linavuta. Linkauma, chimfine chikabwera n'kuyambiranso, ife ulendo wa kuchipatala. Linadzaumiratu Esinati atatsala pang'ono kuyamba sukulu, koma kumva kwake kunatsala kochepa, ngati munthu akulankhulira kutsidya la dambo. Chaka chilichonse ndinkapita kukaonana ndi mphunzitsi wake watsopano kuti amukhazike kutsogolo, mbali yoti khutu labwino liloze kubolodi. Aphunzitsi ena ankandiona ngati wovuta. Ndinalidi wovuta.

Lero muli ndi alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi, muli ndi njinga zamoto, muli ndi mafoni. Koma ndikadutsa pa zigafa m'mawa wa mu Juni ndimaonabe timitu ta makanda tikusuzumira m'nsalu, fumbi lili kobo, bambo akusuta pambali. Mame ndi omwe aja, ntchito ndi yomwe ija.

Esinati anakula, anakumana ndi bambo anu, tsiku la chinkhoswe linafika. Pa mwambo wathu atsibweni ndi amene amapereka mwana wamkazi, ndipo asanamupereke amamuuza mawu awo, ena mokweza kuti anthu amve, ena motsitsa, a iye yekha. A Yolamu nthawi imeneyo anali atakalamba, akuyendera ndodo, maondo atawakana. Anthu anawathandiza kukhala pamphasa pafupi ndi Esinati, ndipo anakhala kumanzere kwake. Atatha mawu a pagulu anaweramira ku khutu lake n'kuyamba kunong'ona. Analankhula nthawi yaitali, dzanja lili paphewa pake, anthu akudikira.

Atamaliza, Esinati anaweramitsa mutu n'kunena mwaulemu, koma ife okhala pafupi tinamva.

"Atsibweni, pepani. Mbali iyi ndi ija siimva. Sindinamve chilichonse."

A Yolamu anayang'ana khutulo nthawi yaitali. Ine ndinali pampando kutsogolo kwawo, ndipo ndikuuzeni, mawu oti ndidzawauze tsiku ngati limeneli ndinali nditawakonza zaka zonsezo, oyalana bwino. Anafika mpaka pakamwa. Koma nditaona nkhope yawo, ndinawameza.

Wina anati Esinati angotembenuka. A Yolamu anakaniza ndi dzanja. Anagwira ndodo, anayesa kudzuka, analephera, anayesanso. Mnzawo wina anatambasula dzanja kuti awathandize, iwo analikankha. Ataimirira anayenda pang'onopang'ono kuzungulira mphasa yonse, pamaso pa akuchimuna ndi akuchikazi, mpaka anafika kumanja kwa Esinati. Anagwada pa maondo opweteka aja n'kuyambiranso poyambirira, mawu onse, mpaka kumapeto.

Zimene anamuuza ine sindinazimve, ndipo sindinafunsepo. Kafunseni amayi anu. Iwo anamva zonse.